Zinki m'oyilo wa injini zakale za maboti: kabotolo, oyilo wa dizilo, kapena wa m'madzi?

Tapeti, kachitsulo kamene kamakankhidwa kuti valavu ya injini itseguke, ikakhala yabwino mukaizula m'injini n'kuitembenuza, kunsi kwake kumakhala see, kowala ngati galasi. Pakati pake pamakhala potukuka pang'ono zedi, moti ndi maso simungaone. Mumadziwira pogunditsa matapeti awiri kunsi ndi kunsi, n'kuona akugwedera m'malo mokhazikika. Imene ndinazula m'injini ya V8 ya boti lina m'mbali mwa mtsinje wa Vaal, kuno ku South Africa, inali itakumbika ngati kamtondo. Chitunda cha camshaft (kamu, mtanda wozungulira wa zitunda zokankha matapeti) chimene chimaikankha chinali chitaperepeseka, changotsala chobulungira. Titang'amba fyuluta ya oyilo, m'mapindo a pepala lake munali tizitsulo waliwali, tokakamira ku maginito.

Camshaft imeneyo inali yatsopano, isanakwanitse ngakhale maola khumi. Amene anaiika anathira oyilo wamba wa galimoto wa 10W-30, analiza injini boti lili pa ngolo, n'kuisiya ikulira pang'onopang'ono kwa theka la ola, amvekere kuti izolowere. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito, wa ku Nkhotakota, anandifunsa tikusamba m'manja: "Achimwene, akanathiramo kabotolo ka zinki kaja, sibwenzi itapulumuka?" Tsikulo ndinamuyankha mwachidule. Koma funso lomweli ndimalimva kwa eni maboti pafupipafupi, ndiye ndati ndiliyale bwinobwino.

Tipatule kaye amene nkhaniyi siikuwakhudza. Ngati yanu ndi injini yopachika kumbuyo kwa boti, yosakaniza oyilo ndi petulo ngati zimene asodzi a usipa amayendera pa Nyanja ya Malawi, m'menemo mulibe camshaft. Oyilo wake ndi wolembedwa TC-W3, wopangidwa kuti azipsa osasiya phulusa, ndipo zinki angangokudetserani mapulagi. Komanso zinki wa pano si chitsulo chotuwa chija chimamangidwa kunsi kwa boti kuti chizidyeka m'malo mwa zitsulo zina. Dzina ndi limodzi, ntchito n'zosiyana.

Tikukamba za injini za petulo zokhala m'kati mwa boti, zambiri zochokera ku America: Chevrolet 305 ndi 350, Ford 302 ndi 351, zimene makampani monga MerCruiser, OMC ndi Volvo Penta ankazitenga n'kuziveka zipangizo za m'madzi. Kwawo kwenikweni ndi ku nyanja za United States ndi Canada, koma pa Vaal ndi pa damu la Hartbeespoort zilipo. M'magalimoto, Ford anayamba kuika matapeti okhala ndi kagudumu kunsi mu 1985, Chevrolet mu 1987, koma injini za maboti zinasintha mochedwa komanso mosiyanasiyana, ndiye chaka chokha chisakunamizeni. Mukachotsa intake manifold n'kusuzumira m'chigwa cha pakati pa V, matapeti a kagudumu amakhala ogwiridwa awiriawiri ndi tizitsulo towaletsa kuzungulira. Mukapanda kuona tizitsuloto, ndiye kuti anu ndi afulati, amene azungu amati flat tappet.

Chimene zinki amachita

Tapeti ya kagudumu imagubuduzika pa chitunda cha kamu. Yafulati imakhula. Mphamvu yonse ya sipuling'i ya valavu imathera pa kamalo kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo pampu ya oyilo sifikitsa oyilo pamalopo mwachindunji: kamu imadalira oyilo amene crankshaft ikuwaza pozungulira. N'chifukwa chake chitunda amachisema mopendekera pang'ono, kuti tapeti izizungulira m'dzenje lake, isamadyeke malo amodzi. Pamsonga pa chitunda oyilo amafinyika mpaka kutsala pang'ono kutha, ndipo apa ndi pamene mankhwala a m'oyilo otchedwa ZDDP, okhala ndi zinki ndi fosiforasi, amagwira ntchito. Akatenthedwa ndi kupanikizika, amasweka n'kuyala kachikopa kolimba ngati galasi pamwamba pa chitsulo, kopyapyala kuposa tsitsi ka mazanamazana. Kachikopako ndi kamene kamadyeka m'malo mwa chitsulo, kenako kamayalidwanso.

Anthu amangoti zinki, zinki, koma mwini ntchito m'mankhwalawa ndi fosiforasi. Muzikumbukira zimenezi mukamawerenga manambala. ZDDP anayamba kuikidwa m'oyilo m'ma 1940 pofuna kuteteza maberingi ndi kuchedwetsa kuwonongeka kwa oyilo. M'ma 1950 ndi pamene anazindikira kuti amapulumutsanso makamu. Vuto linadza ndi catalytic converter ya m'magalimoto, chipangizo cha m'ekizozi chotsuka utsi, chifukwa fosiforasi akapsera limodzi ndi utsi amaipha. Choncho malire a fosiforasi m'oyilo wa galimoto anayamba kutsika: m'ma 1990 anachoka pa 1200 ppm kufika pa 1000, ndipo mu 2004, pamene kunabwera muyezo wa API SM, anafika pa 800. Kunena kuti 1000 ppm ndiye kuti galamu imodzi pa kilogalamu ya oyilo.

Pali mfundo imene ambiri ogulitsa timabotolo saitchula. Malire a 800 amenewa ndi a oyilo wopepuka, kuyambira 0W-20 mpaka 10W-30. Oyilo wolemera monga 15W-40, 15W-50 ndi 20W-50 sanamangidwe nawo. Si kuti onse ali ndi ZDDP wambiri ayi, koma lamulo silikuwaletsa, ndipo oyilo wotereyu ndi amene injini za maboti zimafuna kale.

Injini ya boti imakhala moyo wina. Ilibe magiya osinthira liwiro, ilibe mtsetse. Taganizirani lole yodzaza chimanga ikukwera Chiweta koma osafika pamwamba, maola atatu, pa 3000 kapena 4000 rpm. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale ikugwira ntchito yotere, madzi ake amakhala ozizirirapo: zambiri zoziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja zili ndi thermostat ya madigiri 60 chabe. Mukamangoyenda timaulendo tifupitifupi, chinyezi cha m'sampu sichiuma bwino, kabyuleta yakale imadonthezera petulo m'oyilo, kenako boti limaimikidwa miyezi inayi pamalo achinyontho. Dzimbiri likagwira pa zitunda za kamu, tsiku loliza injini limasanduka sanipepa. Ndiye oyilo wa boti ali ndi adani atatu: kukhulana, petulo ndi madzi. Zinki amalimbana ndi mmodzi yekha.

Kabotolo kothira

Ndiyambe ndi kamene anthu amakathamangira. Pali ZDDPlus, Lucas TB Zinc-Plus, a Rislone, a Red Line ndi ena. M'timabotolo timeneti muli ZDDP weniweni, ndipo amagwira ntchito. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kuthira osawerengera.

Tiwerengere limodzi. V8 yaing'ono imalowa oyilo pafupifupi malita 5, amene amalemera makilogalamu 4.3. Kuti muchoke pa 800 kufika pa 1200 ppm, mukufunika fosiforasi wosakwana magalamu awiri. Basi. Tsono tinene kuti kabotolo kanu kali ndi magalamu atatu ndi theka, ndipo mwakathira konse m'oyilo wa dizilo amene anali kale pa 1200. Mwafika pa 2000. Akatswiri a oyilo a General Motors analemba mu 2007 kuti fosiforasi akapitirira 1400 ppm amathandiza pa tsiku loyamba koma amawonjezera kudyeka kwa nthawi yaitali, ndipo akafika cha m'ma 2000 amayamba kuluma chitsulo chenichenicho, kamu n'kumasuwa tizibenthu. Munthu wagula mankhwala kuti apulumutse kamu, mankhwala omwewo n'kuidya.

Chachiwiri, oyilo si madzi oti mungosungunulamo shuga. Opanga amayeza ZDDP pamodzi ndi mankhwala otsuka, oletsa thovu ndi oletsa dzimbiri, ndipo ena mwa amenewa amalimbirana malo pa chitsulo chomwecho. Mukachulukitsa mmodzi, mwasokoneza onse, ndipo palibe amene anayesapo msakanizo wanuwo m'injini. Chachitatu, timabotolo tina tolembedwa kuti muli zinki, makamaka tija tonanda ngati uchi, ntchito yawo yaikulu ndi kulemeretsa oyilo. ZDDP amakhalamo wochepa. Ndinaonapo mwini boti atathira mitundu iwiri nthawi imodzi, wina wa zinki wina woletsa utsi, poganiza kuti akuikonda injini yake. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kabotolo kali ndi malo ake. Muli kutali, oyilo amene wapezeka ndi 10W-30 wa galimoto yekha, mukudziwa kuti ali pa 800 kapena kucheperapo, ndipo opanga kabotoloko analemba poyera kuti kamakweza ndi ppm zingati pa malita angati. Pamenepo thirani muyezo, oyilo ali wofunda, cholinga chikhale 1100 mpaka 1300. Ngati pa botolo palibe nambala, lisiyeni pa shelefu.

Oyilo wa dizilo wa 15W-40

Uyu ndiye amene ine ndimathira kawirikawiri, ndipo chifukwa choyamba n'chosavuta: amapezeka paliponse pamene pamaima malole ndi mathalakitala, kaya ku Vereeniging kaya ku Mangochi. Shell Rotella, Delo, Rubia ndi anzawo. Miyezo ya CJ-4 ya 2006 ndi CK-4 ya 2016 imalola fosiforasi mpaka 1200 ppm, ndipo ambiri a 15W-40 amakhala pakati pa 1000 ndi 1200. Miyezo yakale ya CH-4 ndi CI-4, imene idakali m'mashopu ambiri kuchigawo chathu chino, ilibe malire amenewa n'komwe. Kwa injini imene kamu yake inazolowerana kale ndi matapeti, ya masipuling'i a kufakitale, zimenezi n'zokwanira popanda chothira china.

Oyilo wa dizilo amakhalanso ndi mankhwala otsuka ambiri, olimbana ndi asidi, zimene zimathandiza injini yokhalitsa osalira. Koma mankhwala omwewo amachedwetsa kuyalika kwa kachikopa ka ZDDP, n'chifukwa chake sindimusankha pa tsiku loyamba la kamu yatsopano. Chenjeraninso ndi dzina. Makampani ena anatsitsa fosiforasi m'oyilo wawo wa CK-4, makamaka wolembedwanso chizindikiro cha petulo cha SN, moti mu 2016 Ford anakana kuvomereza CK-4 aliyense pa injini zake za dizilo pokhapokha atakwanitsa muyezo wa kampaniyo. Botolo lingafanane ndi la zaka khumi zapitazo pamene zam'kati zinasintha. Pepala la manambala a oyilo aliyense limapezeka pa intaneti. Fufuzani mzere wa phosphorus. Ndipo gulani wosindikiza, osati wa m'mabotolo a madzi akumwa a m'mbali mwa msewu.

Oyilo wa m'madzi

Mu 2004 bungwe la opanga maboti ku America, NMMA, linakhazikitsa muyezo wa FC-W. Oyilo wolandira chizindikirochi amayesedwa pa zinthu zimene oyilo wa galimoto sayesedwa motero: kuteteza chitsulo ku dzimbiri m'nkhungu ya mchere, ndi kusapepuka kwambiri petulo akalowamo. Quicksilver 25W-40, amene Mercury amalimbikitsa pa injini za MerCruiser, ndiye wodziwika kwambiri. Pa adani atatu aja, uyu ndi amene anapangidwira awiri amene ena amawaiwala.

Dziwani kuti FC-W sakulonjeza zinki wochuluka. Kuyambira 2010 injini zatsopano za m'kati mwa boti ku United States zinayamba kukhala ndi catalytic converter, ndipo kuli mtundu wolembedwa Catalyst Compatible umene fosiforasi wake ndi wotsika ngati wa galimoto. Pa injini yakale, mukakhala ndi mwayi wosankha, tengani wopanda mawu amenewo. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo kutali ndi madoko sapezeka wamba. Komabe boti likakhala la m'madzi amchere, monga ku Durban kapena ku Beira, kapena ngati limalira masabata ochepa pa chaka, ndalama yowonjezerayo ine ndimati ilipireni.

Oyilo wa magalimoto akale ndi wa mpikisano

Pali oyilo wopangidwa dala ndi ZDDP wambiri. Valvoline VR1, malinga ndi eni ake, ali ndi zinki pafupifupi 1400 ndi fosiforasi 1300. Mobil 1 15W-50 ali cha m'ma 1200 a fosiforasi. Ubwino wake ndi wakuti muyezo anauchita ndi akatswiri, osati inu ndi kapu pa doko. Amene anaika kamu ya zitunda zazitali ndi masipuling'i olimba kuti boti lizikoka anthu a ski mwamphamvu, njira yawo ndi imeneyi, chifukwa sipuling'i ikalimba, kupanikizika pa tapeti kumakwera.

Musasokoneze ndi oyilo wa mpikisano weniweni, wolembedwa kuti si wa pamsewu. Ameneyo mankhwala otsuka ndi oletsa dzimbiri amakhala ochepa, popeza amakhuthulidwa mpikisano ukangotha. Kumusiya m'sampu ya boti nyengo yonse ndi kuitana dzimbiri.

Nanga oyilo wamba wa galimoto? Tisamunamizire. Ena mwa mayeso a muyezo wa SM ankachitikira pa injini ya GM ya V6 yoikidwa matapeti afulati, ndiye 800 ppm si poizoni kwa injini yozolowera kale ya masipuling'i ofewa. Ine ndimamukanira pa chifukwa china: 5W-30 ndi wopepuka kwambiri pa katundu wa boti, ndipo petulo akalowamo amapepukiratu.

Mphindi makumi atatu zoyamba

Makamu ambiri afulati amene ndaona atafa anafera apa, osati m'chaka chachisanu. Kamu yatsopano ndi matapeti atsopano zimakhala ndi timizere ta makina osemera, ndipo ziyenera kupalana mpaka kugwirizana kachikopa ka ZDDP kalipo. Apa zinki ndi wofunikadi, ndipo njira yabwino ndi oyilo wopangidwira ntchito yomweyi, wolembedwa break-in, monga Driven BR: ZDDP wambiri, mankhwala otsuka ochepa. Akasowa, apa ndi pamene kabotolo kamaloledwa, mu oyilo wamba wosakhala synthetic, motsata muyezo wa opanga kamu.

Koma oyilo yekha sangapulumutse ntchito yolakwika. Kamu yatsopano imafuna matapeti onse atsopano. Ngati mukubwezera akale pa kamu yakale, aliyense abwerere m'dzenje lake. Ine ndimawandandalika m'katoni ya mazira yolembedwa manambala. Zitunda ndi kunsi kwa matapeti pakani girizi wake wa kamu. Musanaike, yesani tapeti iliyonse ndi chala, izizungulira m'dzenje mosakakamira. Masipuling'i akakhala apawiri, chotsani am'kati kaye. Pampu ya oyilo izungulitseni ndi drilo mpaka oyilo atulukire ku ma rocker. Timing ndi kabyuleta zikhale zokonzeka kuti injini ilire kamodzi, chifukwa kupukusa ndi sitata nthawi yaitali kumapukuta girizi uja.

Ikangolira, ikwezeni pomwepo pakati pa 2000 ndi 2500 rpm, muzisinthasintha pang'ono, kwa mphindi 20 mpaka 30. Kuisiya pa idle ndiko kunapha kamu ya pa Vaal ija: crankshaft ikamazungulira pang'onopang'ono siwaza oyilo wokwanira, ndipo matapeti sazungulira bwino. Pa boti pali vuto lina limene a magalimoto alibe. Mukaliza injini boti lili pa ngolo, payipi ya kumunda siperekera madzi okwanira oiziziritsa pa liwiro limeneli, imafwaphira, impela ya pampu ya madzi n'kupsa. Litsitseni boti m'madzi, limangeni pa doko, giya ili pa nyutulo, wina aziyang'ana geji ya kutentha. Mukatha, khuthulani oyilo ndi kusintha fyuluta.

Njira yotsala ndi kuchotseratu matapeti afulati n'kuika a kagudumu. Nkhawa ya zinki imathera pomwepo, koma mtengo wake umaposa wa kamu yafulati kangapo, ndipo umaphatikizapo ma pushrod ena (tindodo tolumikiza tapeti ndi rocker) ndi giya ya distributor yogwirizana ndi chitsulo cha kamuyo. Kamu ikhale ya m'madzi: ya galimoto yothamanga imasiya mavalavu onse awiri otseguka nthawi yaitali, injini n'kumayamwa madzi kuchokera ku ekizozi. Ndipo pa maboti akale a injini ziwiri, imodzi nthawi zina imazungulira chobwerera, kamu yake n'kukhala yosiyana. Ndimailimbikitsa njira ya kagudumuyi pokhapokha injini yaphwasulidwa kale ndipo mwini wake akufuna kukhala nalo boti zaka zambiri.

Mwini boti akandifunsa kuti nditani, ndimayamba ndamufunsa zitatu: kamu ndi ya kufakitale kodi, boti limayenda m'madzi otani, ndipo limaima miyezi ingati. Wa kamu ya kufakitale pa madzi opanda mchere ndimamupatsa 15W-40 wa dizilo amene nambala yake ndaiona. Wa kunyanja yamchere ndimamutumiza kwa FC-W. Wa masipuling'i olimba, VR1 kapena wofanana naye. Onsewa ndimawauza kuti asinthe oyilo pa maola 100 kapena kamodzi pa chaka, ndipo asinthe asanaimike boti, osati polidzutsa, kuti kamu isagone miyezi m'oyilo wa asidi ndi madzi. Ofuna umboni angatumize kabotolo ka oyilo wakale ku labotale monga WearCheck. Poona zotsatira, diso likhale pa chitsulo chimene chapezeka m'oyilomo, chifukwa nambala ya zinki imaonekabe yokwera ngakhale mankhwalawo atatha mphamvu.

Injini ya pa Vaal ija tinaiphwasula yonse, popeza tizitsulo tija tinali titafika m'maberingi ndi m'pampu ya oyilo. Tinatsuka njira zonse za oyilo ndi burashi, tinaika kamu ina ndi matapeti ake, tinathira oyilo wa break-in, n'kutsitsa boti m'madzi m'mamawa. Tisanalize, ndinauza mnyamata uja kuti adonthezere penti yoyera pa pushrod iliyonse, chifukwa tapeti ikamazungulira, pushrod imazungulira nayo. Mphindi makumi atatu zitatha tinavundukula mavalavu, injini ikulira, oyilo akutithovukira m'mikono. Iye anawerama ndi tochi n'kumawerenga mokweza, mbali ino kenako mbali inayo. "Achimwene, onse 16 akuzungulira."